Mzere Wodutsa M'munda wa Hamunyela

Mwa amuna onse a ku Oshikwiyu amene anapita kukakumba mkuwa ku Tsumeb, palibe anabwerako ngati Hamunyela. Ena ankabwerako ndi chipewa ndi chifuwa basi. Iye anapita wapansi, kachikopa kokha m'chiuno, ndipo atatopa ndi mgodi anatsikira kunyanja kukasenza matumba padoko, atatopa ndi doko anakakwawa mumchenga wozizira kutolera Azungu timiyala tonyezimira. Ulendo uliwonse ankabwerako ndi chogulira ng'ombe. Ng'ombezo zinaswana, mpaka mwana wamasiye uja, amene anakulira m'khola la mbuzi za amalume ake, anamanga linga loti apaulendo ankapatuka panjira kuti akangoliona.

Ndipo linali linga lenileni. Nsichi zake zinali za tsanya wokhwima, zosongoka kumutu, zazitali kuposa munthu wokweza mkono, zothithikana moti nkhuku inkalephera kulowetsa mutu. Mkati mwake tinjira tinkakhotakhota pakati pa nyumba, nkhokwe ndi makola, kotero kuti mlendo wofuna pabwalo ankakatulukira kwa ana a ng'ombe. Munthu ayende kuchokera kumtsinje wa Kunene mpaka kumtsinje wa Okavango, malinga adzawaona ndithu, koma la nsichi zotero ayi. Hamunyela ankanena zimenezi yekha asanafunsidwe, ndipo chowawa kwa omvera chinali chakuti sankanama.

Chilimwe china kunabwera Azungu a mitundu iwiri, Apwitikizi ndi Angelezi, ndi ngolo zawo, maunyolo oyezera ndi kagalasi koima pa miyendo itatu. Akuti dzikolo anagawana kalekale kwawo kutsidya kwa nyanja, makolo awo atakhala patebulo, ndipo tsopano anabwera kudzaona pamene panathera gawo la wina n'kuyambira la mnzake. Analambula mzere wowongoka kuchokera kolowera dzuwa kupita kotulukira, wosapatukira chitsime, mkuyu kapena manda. Anaimika chipilala cha simenti kutsidya kwa dambo, n'kumapita. Mzerewo unadula munda wa Hamunyela pakati, linga n'kutsala kumwera, mbali ya Angelezi. Anthu anapita kukauona, anauyamikira kuwongoka kwake, amayi anatolako nkhuni zambiri, ndipo mbuzi zinaupeza kuti ndi njira yabwino yopitira kudambo.

Tsono linga silikalambira pamalo amodzi. Pakapita zaka zingapo, pansi pakakhuta ndowe ndi phulusa, mwini wake amalizula lonse n'kulisunthira kumbali ya munda imene yaguga, ndipo pamene linali amadzalapo mchewere. Ndi mmene mchenga wa Akwanyama, mtundu wa Hamunyela, umadyetsera anthu. Kwa Hamunyela nthawi inali itakwana, ndipo mbali yoguga inali yakumpoto.

Mlamu wake Shatiwa, mlongo wa mkazi wake, anamupeza akulemba pansi ndi ndodo podzakhala khomo latsopano.

"Alamu, khomo mwaliloza kummawa bwinobwino, koma mwaona pamene mwapondapo?"

"Ndaponda m'munda mwanga."

"Mwaponda kwa Apwitikizi."

Hamunyela anaseka mpaka kutsamira ndodo. "Apwitikizi analimapo liti pano? Chitsa chimene anazula ndi chiti? Ine Azungu ndimawadziwa, alamu, ndinawaphikirapo tiyi. Amakonda mizere anthu amenewa. Kumgodi ankajambula mzere pansi woti tiimepo polandira chakudya, mvula ikafufuta, mawa ajambula wina pena. Mzere wa Mzungu sugona masiku."

"Chabwino, inu ndi amene munaona nyanja, ife tinangoona madzi a m'dambo. Koma mowa udzakhalapo?"

"Udzakhalapo woti ngakhale inuyo mudzagwira ntchito."

Dima la Hamunyela anthu akulisimbabe. Anagwetsa ng'ombe yonenepa, mitsuko ya mowa inandanda mumthunzi ngati akazi a mfumu, ndipo amuna anabwera kuchokera mbali zonse ziwiri za mzere. Nsichi zinazulidwa ndi nyimbo. Madenga athunthu anayenda pamitu ya anthu ngati akamba a miyendo yambiri, akuwombana, akutukwanana, akuseka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pansi podutsa mzerewo. Dzuwa litapendeka, mkazi wake Ndilimeke anatenga chikuni choyaka pamoto wakale, monga amachitira mwini khomo wamkazi, anadutsa nacho munda wonse osatembenuka, nakoleza moto pabwalo latsopano. Hamunyela anakwera pa chulu n'kuuza anthu kuti ngakhale sitima zimene anaziona padoko sizinyamuka msanga chotero.

Mwezi usanathe kunabwera Kautwima, msilikali wa Apwitikizi, munthu wa komweko amene ankaweta naye ng'ombe ali ana. Anali ndi chipewa chofiira ndi nsapato zomuluma. Anavula nsapatozo, analandira chikho, anayang'ana nsichi kuyambira pansi mpaka kumutu.

"Wamanga, mnzanga. Kwa bwana kulibe nyumba yotere."

"Ukamuuze adzaone. Koma atenge womulondolera, angakatulukire kwa ana a ng'ombe."

"Waliona kale ali pa kavalo. Wakondwa kwambiri. Anthu onse akuthawira kwa Angelezi, iwe wekha wabwera kwa ife ndi khomo lako lonse. Akuti ndiwe munthu wanzeru."

"Sindinabwere kwa munthu ine. Ndasuntha linga."

"Eya, walisunthira kwathu." Kautwima anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Utsi ukamatulukira kumpoto kwa mzere, khomolo ndi la Apwitikizi. Tsono msewu waukulu ukufuna anthu. Mwezi ukaoneka, khomo lililonse lipereka wosenza dothi. Iwe ndakupezera yopepuka poti tinaweta limodzi, uzilambula mzerewu kuti usamere, bwana akufuna munthu wokhala pompano. Koma wadothi akufunikabe. Akazi akowo, alamu anga, ndilibe powabisa."

"Ndiye ndilibweza kumene linali."

"Ndi ndani? Amene adzadutse mzere kudzakuthandiza tidzamutengera kumsewu. Ndipo usaganize zolisiya lokha. Khomo la wothawa timaotcha. Tsanya amayaka bwino, mnzanga, ndaonapo."

Ndilimeke anamva zonsezi ali kuseri kwa mpanda. Iye anachokera kumpoto komweko chaka cha nkhondo ndi njala, ali mtsikana, ndipo amayi ake anawasiya pansi pa mtengo panjira atalephera kudzuka. Kautwima atapita, mmawa mwake Hamunyela anamupeza akumanga madengu.

"Bambo a Naufiku, ine dothi la Apwitikizi sindisenza. Ndinawasiyira kale amayi anga, zakwana."

"Khalani pansi, ndikonza. Ndimupatsa ng'ombe Kautwima."

"Imodzi mwezi uno, ina mwezi wamawa. Khola lidzatha msewu usanathe. Tiyeni tonse, kwa achimwene malo alipo."

"Ine Hamunyela ndikagone kuseri kwa nkhokwe ya Shatiwa? Mpanda wake umagwa nkhuku ikatsamira."

"Ukagwa timaudzutsa."

"Pitani mukapume masiku ochepa. Zimenezi zitha. Ine Azungu ndimawadziwa."

"Mwanena kale," anatero Ndilimeke, nasenza dengu.

Anapita ndi ana onse atatu, ndipo Shatiwa anabwera m'bandakucha kudzakusa ng'ombe kuti zikakhale kumwera. Sikunali kutali. Tambala wa kwa Shatiwa akalira, kwa Hamunyela ankamveka.

Linga lalikulu ndi labwino muli anthu. Mukakhala munthu mmodzi limasanduka chinthu china. Tinjira tija tinatalika. Hamunyela ankadutsa pakhomo pa nyumba ya mkazi wake, pa kanyumba ka ana, pa khola louma, ndipo paliponse ankakumana ndi mapazi ake omwe a dzulo mumchenga. Anayamba kusesa pabwalo pa alendo kawiri pa tsiku, ngakhale mlendo sankabwera. Anansi ake a kumpoto anali atathawa mmodzimmodzi, ndipo kumene kunali makomo awo kunatsala mabwalo akuda. A kumwera ankamupatsa moni mokweza mawu ali kutsidya kwa mzere, ngati munthu amene ali pachilumba. Nkhani za kudoko, za chinsomba chachikulu ngati phiri chimene anachiona chikutumbulidwa, za Mzungu amene iye anamugwetsa pa mpikisano wa mikono, zinamudzaza pakhosi kusowa wozimva. Tsiku lina anadzipeza akuzisimbira buluzi.

Mmawa uliwonse ankatenga khasu n'kukalambula mzere, kuzula udzu uliwonse wofuna kulumikiza munda wake. Ankalambula bwino, chifukwa Hamunyela sankadziwa kugwira ntchito moipa. Kuchokera pamenepo mpaka kuchipilala panalibe chigawo chosalala ngati chake.

Mvula itayandikira anaona anthu achilendo akugaula pamene panali linga lakale, pa ndowe ya ng'ombe zake ya zaka zonse zija. Anathamangira kumzere khasu lili m'manja. Mwamuna wina woonda, wa imvi m'ndevu, anasiya kulima nabwera mwaulemu.

"Pepani bambo, ndinu a Hamunyela? Ine ndine Nghishidi. Tachokera kutali kumpoto, tayenda ndi ana. Eni dera atipatsa pano. Akuti mwini wake anasamukira kwa Apwitikizi."

"Ndasamukira kuti? Suli kundiona?"

"Ndikukuonani, bambo. Muli uko."

Akanakhala wamwano, Hamunyela akanadziwa chochita naye. Koma munthuyo anayamikira nthakayo, anati sanaonepo yakuda chotero, nafunsa ngati angatungeko pachitsime. Kumbuyo kwake tiana tinaima tikuyang'ana, mimba zili patsogolo. Hamunyela anawalozera chitsime ndi khasu, nabwerera m'linga.

Chimene chinkamusunga chinali masana. Dzuwa likafika pamutu, Ndilimeke ankabwera ndi chakudya m'kadengu, n'kuchiika pamzere, iye n'kukhala pansi mbali ya kumwera. Phazi lake silinkadutsa. Hamunyela ankadya atakhala mbali ya kumpoto, akumuuza mmene zinthu zidzakhalire Azungu akadzatopa ndi mzere wawo: adzakuza linga, adzagula ngolo, adzamugulira mikanda ya m'chiuno yoti azilephera kudzuka nayo. Mkaziyo ankamvera akuthothola udzu, n'kumuuza kuti wamng'ono wamera dzino, ng'ombe yofiira yabereka. Mchewere unamera, unakula, unacha, unakololedwa mbali zonse ziwiri, iwo akudyerabe pamzere.

Tsiku lina masika atatha, Ndilimeke sanathothole udzu.

"Achimwene akusamuka."

"Asunthira mbali iti? Munda wawo ndi waung'ono ngati mkeka."

"Osati kusuntha. Kusamuka. Kuno anthu adzaza, ng'ombe zikumwa matope. Akupita kunkhalango za kummawa, kumene anthu akutsegula malo atsopano. Ndi ulendo wa masiku ambiri. Ana ndi ng'ombe akupita nawo. Inenso."

"Nanga ine?"

"N'chimene ndabwerera. Inuyo."

Hamunyela anaika chakudya pansi. Anayang'ana linga kumbuyo kwake, nsichi zikunyezimira ndi dzuwa.

"Ndiitana dima. Tilidutsitsa tsiku limodzi, Kautwima akadzabwera adzapeza maenje. Kenako tidzalikweza pa ngolo."

"Ngolo ya ndani?"

"Mai a Naufiku, mwandiiwala kodi? Ndine amene ndinapita ku Tsumeb wapansi."

Anatumiza mawu kwa onse amene anadya ng'ombe yake tsiku lija. Anapha mbuzi yomaliza, anaiwotcha pafupi ndi mzere kuti fungo liwoloke. Tsiku la dima anadzuka kukadali chisisira, anavala malaya ake a kudoko, nakhala pakhomo. Dzuwa linakwera. Kunabwera agalu awiri. Chakumasana kunabwera Shatiwa yekha, naima kumwera, manja kumbuyo.

"Alamu, anthu akuopa msewu. Musawade."

"Inu simuopa, bwerani mugwire uku."

"Ine ndimaopa kuposa onse. Ponyani mwendo wa mbuziwo kuno, ndikuthandizeni umenewo."

Hamunyela anauponya, ndipo Shatiwa anaudya ataima. Atatha anapukuta manja m'ntchafu nalankhula mosaseka.

"Kummawako mitengo iliko, alamu, yoti nkhwangwa imachita kusankha. Mudzamanga lina. Tidzakuthandizani."

"Ndidzamanga pa malo opemphedwa ndi inu, ndi nkhwangwa yobwereka kwa inu, ndikudya kwa inu. Ndinagonapo kale m'khola la munthu."

"Ndiye mukufuna mlongo wanga akwatiwe ndi nsichi?"

Hamunyela anatembenukira kulinga. Anavula malaya, anagwira nsichi ya pangodya, anaigwedeza mpaka inazuka, anaisenza, nakaiponya kumwera kwa mzere. Anabwerera, anazula ina. Tsanya ndi wolemera ngati chitsulo. Pofika madzulo phewa linali litasupuka, mulu wa nsichi unali wofika m'mawondo, ndipo pa linga panangooneka kampata ngati pa dzino loguluka. Anayesa denga la kanyumba ka ana. Analowa pansi pake, anakankha ndi mutu ndi mapewa, dengalo linangopendekeka pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Mawu aja akuti mutu umodzi susenza denga anali kuwadziwa kuyambira ali mwana, koma sanaganizepo kuti amanena za denga lenileni. Mmawa mwake anabweza nsichi zija, chifukwa munthu sagona m'linga lotseguka.

Tsiku la ulendo linafika. Ng'ombe zinatsogola, Shatiwa ndi banja lake pambuyo, akutsata mzere mbali ya kumwera poti ndiyo inali njira yolambulidwa yopita kummawa. Ndilimeke anaima pamalo podyera paja, mtolo uli pamutu, wamng'ono akumugwira chala. Anaika pansi kadengu ka ufa.

"Uwu ukufikitsani masiku angapo. Kapena muusenze, tizikadyera kutsogolo."

Hamunyela anayang'ana ufawo, anayang'ana mwanayo. Kenako anachita chimene palibe ankayembekezera. Anadutsa mzere, ananyamula mwana n'kumukhazika paphewa, nayamba kuyenda. Sanatenge kanthu, ngakhale chipewa. Shatiwa anatembenuka, anatsegula pakamwa kuti aseke, mlongo wake anamuyang'ana, anatseka.

Anayenda. Mwana anamugwira makutu. Hamunyela anayamba kusimba za chinsomba chija, ndipo Naufiku, mwana wake wamkulu, anamuyandikira kuti amve, ngakhale anali ataimva nkhaniyo kambirimbiri. Mawu ake anabwerera, anakula, ng'ombe za kutsogolo zinatembenuka. Anawauza za linga limene adzamange kummawa, loti njovu zizidzapempha njira. Anawoloka dambo louma, nafika pachipilala.

Pamenepo anatembenuka kamodzi kokha. Kumbuyo, kupitirira migwalangwa, utsi wakuda unkakwera mowongoka.

Sanaganize. Anatsitsa mwana, anamuimika pansi pafupi ndi chipilala, nathamanga. Ndilimeke anamuitana kamodzi, osati ndi dzina la mwana koma lake lenileni, koma iye anali kale pakati pa dambo, mchenga ukuuluka kumapazi. Anathamanga ngati mnyamata, akutukwana Kautwima ndi makolo ake onse.

Linga analipeza lili chilili, nsichi iliyonse pamalo pake. Utsi unali wa Nghishidi, amene ankaotcha mapesi m'munda mwake. Munthuyo anakweza dzanja kumupatsa moni.

Atapezanso mpweya anabwerera kuchipilala, koma tsopano akuyenda. Anapeza ndowe yaiwisi, mapazi a ng'ombe, ndi timapazi ta mwana tikuzungulirazungulira pamene anamusiya, kenako titatha pamene wina anamunyamula. Kutsogolo fumbi linkaonekabe pamwamba pa mitengo. Munthu woti anapita ku Tsumeb wapansi akanawapeza dzuwa lisanapendeke. Anaima nthawi yaitali dzanja lili pa simenti yotentha. Ankadziwa chimene Ndilimeke anaona: mkaziyo anafunsa funso, ndipo miyendo ya mwamuna wake inamuyankha pamaso pa ana. Akawapeza akanena chiyani? Ndipo utsi wina ukadzakwera mawa? Fumbi lija linachepa, linasungunuka. Hamunyela anabwerera, natola kadengu ka ufa pamzere.

Ufawo unatha monga ufa umathera. Nkhokwe zinali zodzaza mpaka pakamwa, mchewere woti mudzi ungadye chaka chonse, koma mchewere sudyedwa wosasinja. Anapirira tsiku limodzi ndi mtedza, lina ndi zipatso za mgwalangwa. Kenako anatapa mchewere m'lichero nalowa kosinjira, kumalo kwa akazi, kumene sanapondeko chimangire lingalo. Mitondo itatu inali pansi, yodzaza mchenga wouluzika. Anafukula umodzi ndi dzanja, anathiramo mchewere, anasankha munsi waukulu koposa, naukweza.

Unagunda kamodzi, ndipo mawu ake anadutsa mpanda, anadutsa munda, anakafika kutsidya kwa mzere. Kwa Nghishidi akazi anali akusinja, minsi itatu ikulandizana, ndipo inaima yonse. Hamunyela anaima nayenso, munsi uli m'mwamba. Anadikira mpaka kutsidya anayambanso. Ndiye anamvetsera kagundidwe kawo, natsitsa munsi wake pang'onopang'ono pamodzi ndi wawo, kuti wake usamveke pawokha.